Mafunso ndi mayankho: kusamuka ndi maulendo kwa wophunzira amene watsala pang'ono kumaliza maphunziro

Mayeso omaliza akamayandikira, ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite amafunsa mafunso omwewomwewo chaka ndi chaka. Tawasonkhanitsa pamodzi, kuyambira osavuta mpaka ofuna kufotokoza mwatsatanetsatane. Malamulo a sukulu, a lendi ndi a maulendo amasiyana malo ndi malo, choncho pamene yankho lathu lasemphana ndi pepala limene munasaina, tsatirani pepalalo.

Ndiyambe liti kuganizira zosamuka?

Semesita yomaliza ikangoyamba. Sitikunena zolongedza ayi, tikunena zolemba masiku. Pali masiku anayi amene ambiri amawaona ngati tsiku limodzi: la pepala lomaliza, lobweza makiyi, lotuluka zotsatira, ndi la mwambo wolandira digiri. Masiku amenewa sagwera pamodzi. Makiyi a hositelo amabwezedwa patangopita masiku ochepa mayeso atatha, zotsatira zimatuluka patapita milungu, ndipo mwambo umatha kudzachitika patapita miyezi. Mavuto ambiri amene afotokozedwa m'munsimu amabadwira m'mipata imeneyi. Chipinda mulibenso koma sukulu simunamalize kwenikweni, kapena mwamaliza koma mulibe pepala loonetsa.

Lembani masiku anayiwo papepala limodzi, muwonjezepo lothera lendi, lothera khadi la sukulu, ndipo ngati mukuphunzira kunja, lothera viza. Akakhala pamzere umodzi mudzaona nokha mlungu umene mudzasowe pogona ndi umene katundu adzasowe pomuika.

Ndikangolemba pepala lomaliza, ndiye kuti basi ndamaliza?

Ayi. Mayeso ayambe achongedwa, malikisi adutse ku dipatimenti, kenako avomerezedwe ndi bungwe lalikulu loona za maphunziro, limene m'mayunivesite ambiri limatchedwa senate. Kufikira pamenepo ndinu woyembekezera zotsatira. Pangapezeke phunziro loti mulembenso, kapena supavaiza angakubwezereni pepala la kafukufuku kuti mukonze mutu wina. Zimagwera ngakhale anthu amene sanalepherepo.

Choncho funsani ku ofesi ya registrar, yosunga kaundula wa ophunzira, kuti mayeso obwereza amalembedwa liti, ndipo mlungu umenewo musauikire ulendo wautali. Mukakhoza zonse, mwapeza mlungu wopuma.

Clearance n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani aliyense akuidandaula?

Ndi fomu, ya papepala kapena ya pa intaneti, imene maofesi osiyanasiyana amasaina kutsimikiza kuti mulibe nawo ngongole: laibulale, ofesi ya zachuma, hositelo, dipatimenti, labu, nthawi zina ndi a zamasewera omwe. Fomuyi ikapanda kudzaza, sukulu zambiri sizitulutsa transcript (pepala la malikisi anu) kapena satifiketi.

Zimene zimagwira anthu nthawi zambiri ndi tinthu tating'ono. Buku limene munabwereka m'dzina lanu n'kupatsa mnzanu chaka chachiwiri, kiyi wa loka, jezi ya timu, chindapusa chochedwetsa buku masiku atatu. Munthu amakaima pawindo la laibulale chikwama chili kumsana, basi ikunyamuka masana omwewo, n'kuuzidwa kuti kompyuta ikuonetsa buku limene iye sakulikumbukanso, ndipo woyenera kusaina ali kumsonkhano mpaka mawa. Pamenepo kulira sikuthandiza.

Mwezi umodzi mayeso asanayambe, pitani ku laibulale ndi ku ofesi ya zachuma mukafunse kuti dzina lanu lili ndi chiyani. Mizere imakhala isanayambe. Siginecha iliyonse mukaipeza jambulani fomuyo ndi foni, chifukwa mafomu amasowa m'maofesi. Malisiti a fizi a zaka zonse musataye mpaka satifiketi ili m'manja.

Ndi mapepala ati ofunika kukhala nawo ndisanachoke?

Choyamba ndi transcript, ndiko kuti mndandanda wa maphunziro onse amene munachita ndi malikisi ake. Chachiwiri ndi kalata yotsimikiza kuti mwamaliza, imene olemba ntchito ambiri amailandira satifiketi yeniyeni isanatuluke. Ngati mapepalawa satuluka mpaka zotsatira zitavomerezedwa, dziwani musanachoke kuti amapemphedwa bwanji munthu ali kutali, amatenga masiku angati, komanso ngati wina angakutengereni. Kawirikawiri wokutengerani amafunika kalata yosainidwa ndi inu ndi kope la chiphaso chanu.

Chachitatu ndi aphunzitsi awiri amene avomera kudzakuchitirani umboni pofunsira ntchito kapena maphunziro ena. Apempheni panopa, nkhope yanu akuikumbuka, ndipo muwasiyire CV. Pakatha zaka ziwiri adzakhala ataphunzitsa mazana ena.

Onaninso mmene dzina lanu lalembedwera m'kaundula wa sukulu. Likhale chimodzimodzi ndi la papasipoti kapena pachiphaso cha boma, chilembo ndi chilembo, ngakhalenso ndondomeko ya mayinawo. Kukonza chilembo chimodzi satifiketi isanasindikizidwe ndi nkhani ya fomu imodzi. Ikasindikizidwa, ndi nkhani ya miyezi ndi ndalama.

Ngati mapepalawa mudzawagwiritsa ntchito kudziko lina, angafunike chidindo chotchedwa apostille. Chinakhazikitsidwa ndi pangano la ku The Hague la mu 1961, ndipo mayiko oposa 120 ali m'panganoli. Kumene dziko lina silili m'panganomo, pepala limadutsa ku unduna woona za maubale ndi mayiko ena kenako ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupitalo. Zonsezi zimachitikira m'dziko limene linapereka digiriyo, ndiye n'zosavuta kuzichita musanachokemo.

Ndimakhala m'nyumba ya lendi. Notisi ndipereke liti?

Werengani mgwirizano umene munasaina. Migwirizano yambiri imafuna mwezi umodzi, wina miyezi iwiri, ndipo wina umawerenga notisi kuyambira tsiku lolipira lendi lotsatira, osati tsiku limene mwanena. Kusiyana kumeneku kungakudyereni lendi ya mwezi wathunthu. Palinso migwirizano ya chaka imene imapitirira mayeso atatha. Ngati wanu ndi wotero, funsani msanga ngati mwini nyumba angalole kuti mupeze wina wolowa m'malo mwanu.

Notisi ikhale yolemba. Ngakhale munagwirizana pakamwa polowa, potuluka tumizani uthenga wa pafoni kapena imelo yonena tsiku lenileni, ndipo yankho lake mulisunge.

Dipoziti yanga ndidzaipeza bwanji yonse?

Nkhondo ya dipoziti imapambanidwa ndi zithunzi. Ngati munajambula nyumba tsiku lolowa, zifunefuneni zithunzizo lero. Ngati simunajambule, jambulani tsiku lotuluka katundu atachotsedwa ndipo mutakolopa: makoma, mawindo, maloko, bafa, masoketi, ndi mita ya madzi ndi ya magetsi manambala ake akuoneka bwino.

Pemphani mwini nyumba kapena womuimira kuti muyendere limodzi chipinda ndi chipinda musanapereke makiyi. Chimene wadandaula nacho chilembedwe pomwepo, pamodzi ndi ndalama imene akufuna kudula. M'malo ambiri lamulo limasiyanitsa kutha kwa zinthu chifukwa chogwiritsidwa ntchito ndi kuwononga. Penti yozilala patatha zaka zitatu si mlandu wanu, koma galasi losweka ndi wanu. Tinthu totchipa monga babu lopsa kapena chogwirira chitseko chogwedera, konzani nokha. Mwini nyumba akakonza yekha mtengo wake umakula modabwitsa.

Ambiri amafuna kuti dipoziti ikhale lendi ya mwezi womaliza. Ngati mwini nyumba wavomera molemba, palibe vuto. Kungosiya kulipira n'kumati adzadula padipoziti, kumeneko n'kuputa mkangano, ndipo nyumba yotsatira angakufunseni kalata yochokera kwa munthu yemweyo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, osati mlomo.

Tinkakhala angapo, ena akutsala. Tigawana bwanji?

Khalani pansi onse kusanade, mulembe zinthu zitatu: mabilu otsala, zinthu zimene munagula mosonkherana, ndi dzina limene lili pa mgwirizano. Chachitatuchi n'chimene chimaluma. Ngati nyumba, magetsi kapena intaneti zili m'dzina lanu, ngongole iliyonse imene otsalawo adzapange idzalondola inu. Sinthitsani dzina musanachoke. Za ketulo ndi firiji yosonkherana, wotsala agule gawo la wochoka pamtengo wa chinthu chakale, nkhani ithe.

Katundu yense nditenge, kapena ndigulitse?

Funso lothandiza ndi ili: kunyamula chinthuchi kudya ndalama zingati, ndipo kugula china chonga icho kumene ndikupita kudya zingati? Matiresi, tebulo, mpando ndi shelefu zimadya malo ambiri koma zimapezeka kulikonse. Paulendo wautali nthawi zambiri sizibweza ndalama ya mayendedwe. Laputopu, zovala zabwino zokafunsira ntchito, zida za ntchito imene mwaphunzira ndi zofunda, zimenezo tengani.

Gulitsani msanga. Mlungu womaliza aliyense amakhala akugulitsa zinthu zofanana, ogula n'kumangosankha, ndipo firiji imapita pamtengo wa ketulo. Lengezani mwezi umodzi pasadakhale kwa a chaka choyamba ndi chachiwiri, mulandire kandalama kachikole, mugwirizane kuti adzatenge tsiku limene mukutuluka. Chimene sichinagulidwe pofika masiku awiri omaliza, perekani kwa wina.

Nanga mabuku ndi manotsi a zaka zonsezi?

Mapepala ndi olemera kuposa mmene amaonekera. Mpukutu umodzi wa mapepala 500 a A4 umalemera pafupifupi makilogalamu 2.5, ndiye ganizirani za mafayilo a zaka zinayi. Sungani mabuku ochepa amene mudzawatsegule pantchito kapena pokonzekera mayeso a bungwe la ntchito yanu, pepala lanu la kafukufuku, ndi ntchito zimene mungaonetse wolemba ntchito. Manotsi amene mukuwakonda ajambuleni ndi foni. Enawo asiyireni obwera m'mbuyo mwanu, adzakuthokozani. Mapepala okhala ndi nambala ya chiphaso kapena ya akaunti ang'ambeni musanataye.

Ndilongedze bwanji kuti zinthu zisawonongeke?

Zolemera m'makatoni aang'ono, zopepuka m'akuluakulu. Katoni yaikulu yodzaza mabuku imabooka pansi munthu ali pakati pa masitepe. Mbale ziimikeni chammbali m'malo mozisanjikiza, ndipo zikulungeni ndi matawulo ndi majuzi, zimene mukananyamulabe. Katoni iliyonse ilembedwe dzina lanu, nambala ya foni ndi nambala yakeyake, 1 mwa 6, 2 mwa 6, kuti potsitsa muwerenge msanga. Musalembe kunja kuti muli zinthu zodula.

Firiji izimitsidwe tsiku lathunthu pasadakhale kuti madzi oundana asungunuke, inyamulidwe choimirira, ndipo ikafika ikhale maola angapo isanayatsidwe kuti mafuta a mu injini yake abwerere pansi.

Pakhale chikwama chimodzi chosachoka pathupi panu. Mmenemo muike pasipoti, ziphaso, mapepala amene tatchula pafunso la mapepala, laputopu, tchaja, mankhwala, ndi zovala zosinthira za masiku awiri. Katundu wina yense atasowa, ndi chikwama chimenechi moyo ungapitirire.

Ndinyamule pa basi, pa sitima kapena ndichite hayala galimoto?

Zimatengera kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa katundu. Masutikesi awiri ndi katoni imodzi, basi kapena sitima ikwanira, koma funsani pogula tikiti kuti amalola makilogalamu angati ndipo owonjezera amalipiritsa bwanji. Landirani kapepala ka katundu aliyense amene walowa pansi pa basi, ndipo pamalo pamene anthu akutsika suzumirani pawindo.

Ngati pali bedi ndi firiji, pezani anzanu awiri kapena atatu olowera mbali imodzi muchite hayala galimoto imodzi. Gwirizanani ndi dalaivala musanakweze kanthu: mtengo wonse, ngati mafuta ali momwemo, malo angati otsitsira, ndani akweza ndi kutsitsa, nanga chinthu chikasweka zikhala bwanji. Musalipire zonse ponyamuka. Lembani nambala ya galimoto, muitumize kwa wachibale, ndipo mmodzi wa inu akwere nawo. Wotsika komaliza katundu wake ndiye alowe koyamba.

Pa ndege amalola katundu wochuluka bwanji?

Tikiti yanu ndiyo imanena. Pa maulendo ataliatali makampani ambiri amalola sutikesi ya makilogalamu 23, ena ziwiri, ndi kachikwama ka m'manja ka makilogalamu 7 kapena 8. Matikiti otchipitsitsa nthawi zambiri sakhala ndi sutikesi n'komwe. Sutikesi imodzi yopitirira makilogalamu 32 ambiri sailandira ngakhale mutafuna kulipira. Kugula malo a sutikesi yowonjezera pa intaneti pasadakhale kumatchipa kuposa kukalipira pabwalo la ndege, ndipo makampani ena amawonjezera makilogalamu kwa ophunzira, choncho funsani khadi la sukulu lisanathe.

Power bank ndi mabatire apadera a lithium saloledwa m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Amayenda m'chikwama cha m'manja, ndipo osapitirira 100 Wh (muyeso wa mphamvu ya batire) safuna chilolezo. Power bank ya 20,000 mAh ili ndi pafupifupi 74 Wh, ndiye ili bwino. M'mabwalo ambiri zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja zimayenera kukhala m'timabotolo tosapitirira 100 ml. Silinda ya gasi, palafini ndi penti siziyenda pa ndege. Zimenezo gulitsani.

Sutikesi ikapanda kufika kapena ikafika yosweka, musatuluke m'bwalo musanalembetse lipoti pa desiki ya katundu. Pa maulendo a pakati pa mayiko otsatira pangano la ku Montreal la mu 1999, dandaulo la katundu wowonongeka liyenera kulembedwa pasanathe masiku 7 chilandirireni, ndipo la katundu wochedwa pasanathe masiku 21.

Tikiti ndigule liti?

Tsiku lobweza makiyi likadziwika komanso ndandanda yomaliza ya mayeso ikatuluka. Ndandanda yoyamba imasintha. Siyani tsiku limodzi kapena awiri pakati pa pepala lomaliza ndi ulendo, chifukwa clearance ndi kuyendera nyumba sizitheka m'mawa umodzi. Ngati mukukayikira za mayeso obwereza, lipirani kandalama kowonjezera mugule tikiti yosinthika. Kumbukiraninso kuti anzanu onse akuchoka mlungu womwewo, ndiye mipando imatha.

Ntchito sindinaipeze. Ndibwerere kwathu kapena nditsale mumzinda?

Funso ili limabwera ndi manyazi, ngati kuti kubwerera kwa makolo n'kulephera. Ife sitiona choncho. Werengani ndalama zimene muli nazo m'manja, osati zimene mwalonjezedwa, muzigawe ndi zimene mumawononga pamwezi pa lendi, chakudya, mayendedwe ndi intaneti. Yankho likakhala lochepera miyezi itatu ndipo palibe ganyu kapena internship yotsimikizika, kusaina lendi yatsopano n'kudzimangirira chingwe. Makalata ambiri ofunsira ntchito masiku ano amatumizidwa pa intaneti, ndipo ndalama ya lendi ya mwezi umodzi ingalipire maulendo angapo opita ku intavyu.

Kutsala kuli ndi phindu lakenso. Ntchito zina zimamveka kudzera mwa anthu, ndipo woitanidwa lero kuti abwere mawa amafunika kukhala pafupi. Ngati mwasankha kutsala, dziikireni tsiku: pofika mwezi wakuti ngati palibe chachitika, ndinyamuka. Anthu ambiri amene amathera m'ngongole ndi amene ankangoti mwezi umodzi wokha, mwezi umodzi wokha.

Mukabwerera kwanu, kambiranani poyera za nthawi imene mukuganiza kukhala ndi zimene muzithandiza pakhomo. Munachoka muli mwana, mwabwera mutazolowera kudzilamulira, ndipo a pakhomo nawo anazolowera kukhala popanda inu. Mukagona kwa mnzanu, nenani tsiku lochoka musanalowe.

Ndapeza ntchito kumzinda wina. Nyumba ndiipeze bwanji ndili kutali?

Musatumize dipoziti ya nyumba imene simunaione inu kapena munthu amene mumamukhulupirira. Akuba amatenga zithunzi za nyumba zokongola n'kuziika pa Facebook pamtengo wotsika, kenako amati ofuna ndi ambiri, tumizani lero. Kufulumizitsa koteroko ndiko chizindikiro chake. Ndi bwino kufikira pamalo ongoyembekezera milungu iwiri, mukuphunzira mzindawo: ulendo wa kuntchito umatenga nthawi yaitali bwanji m'mawa, madzi amatuluka nthawi zonse kapena ayi, usiku kumayendeka kapena ayi.

Konzekeraninso mwezi woyamba. Lendi, dipoziti ndi mayendedwe zimalipiridwa musanagwire ntchito, pamene malipiro amabwera kumapeto kwa mwezi, ndipo woyamba ntchito pakati pa mwezi nthawi zina amadikira mpaka mwezi wotsatira. Funsani olemba ntchitowo ngati amathandiza ndalama zosamukira. Kufunsa si mwano. Tsiku lolowa, jambulani nyumbayo monga tafotokozera pafunso la dipoziti.

Kodi ndingasiye katundu kwa mnzanga mpaka tsiku la mwambo?

Mungathe, ngati ndi wochepa ndipo mwanena tsiku lodzatenga. Lembani mndandanda, mutseke makatoni ndi tepi, ndipo muwaike pamwamba pa matabwa chifukwa simenti imatulutsa chinyezi. Zamagetsi ndi mapepala ofunika musasiye. Dziwaninso kuti mnzanuyo naye angasamuke mwadzidzidzi, katundu wanu n'kukhala mtolo wake.

Imelo ya sukulu idzapitiriza kugwira ntchito?

Pa sukulu zambiri imatsekedwa pakapita nthawi, pamodzi ndi zonse zimene munasunga pa Google Drive kapena OneDrive ya akauntiyo. Koperani pepala la kafukufuku, deta yake ndi ntchito zanu zonse, muziike malo awiri: pa akaunti yanuyanu ndi pa flash kapena hard drive. Pofunsira ntchito gwiritsani ntchito imelo yanu, yokhala ndi dzina lanu lenileni. Yang'anani maakaunti onse amene munatsegula ndi imelo ya sukulu, musinthe isanatsekedwe, chifukwa mukadzaiwala pasiwedi uthenga wokonzera udzapita kubokosi limene kulibe.

N'chimodzimodzi ndi nambala ya foni. Banki ndi maakaunti ambiri amatumiza manambala achinsinsi pa SIM. Ngati mukusamukira dziko lina, konzani zimenezi SIM yakale ikugwirabe ntchito.

Ndikuphunzira kunja. Ndingakhale mpaka liti ndikamaliza?

Viza ya wophunzira imayendera masiku a maphunziro, osati tsiku la mwambo, ndipo mwambowo ungagwe viza itatha kale. Kukhala kupitirira tsiku lololedwa, ngakhale pang'ono, kungakulepheretseni kudzapeza viza m'tsogolo.

Mayiko angapo ali ndi chilolezo cha omaliza maphunziro, koma chilichonse chili ndi nthawi yake yofunsira. Ku Germany omaliza maphunziro ochokera kunja kwa European Union angapemphe miyezi 18 yofunafuna ntchito. Ku United Kingdom, Graduate visa imene inayamba mu 2021 imafunsiridwa munthu ali m'dzikomo viza ya wophunzira isanathe. Ku Canada chilolezo chogwira ntchito pambuyo pa maphunziro chimafunsiridwa pasanathe masiku 180 chilandirireni umboni womaliza. Ku United States, chilolezo chogwira ntchito cha miyezi 12 chotchedwa OPT chingafunsiridwe kuyambira masiku 90 maphunziro asanathe. Malamulo amenewa amasinthidwa kawirikawiri, choncho werengani pa webusaiti ya boma ndipo mukaonane ndi ofesi ya ophunzira ochokera kunja semesita isanathe. Musatuluke m'dzikomo pempho lili m'kati musanafunse, chifukwa kwina kutuluka kumafafaniza pempholo.

Ndikufuna kupita kudziko lina ndikangomaliza. Ndiyambire pati?

Papasipoti. Mayiko ambiri amafuna kuti ikhale ndi miyezi 6 isanathe ndi masamba opanda chidindo. Mayiko a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi yokacheza, amafuna kuti ikhale yogwira ntchito miyezi 3 kupitirira tsiku limene mudzatuluke, komanso yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi. Viza yawo yokacheza imalola masiku 90 m'nyengo ya masiku 180, imafuna inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, ndipo mungaifunsire kuyambira miyezi 6 ulendo usanachitike.

Apa mpata wa pakati pa masiku aja umavutanso. Wofunsira viza amafunsidwa chimene chidzamubweze kwawo, ndipo munthu amene salinso wophunzira koma sanayambe ntchito amasowa choonetsa. Kalata ya sukulu yonena kuti mudakali wophunzira, kapena yonena tsiku la mwambo, imathandiza, ndipo imapezeka mosavuta mudakali pasukulupo.

Mayiko ena amafuna khadi la katemera wa yellow fever. Limayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayitsireni, ndipo kuyambira mu 2016 bungwe la World Health Organization linati katemera mmodzi ndi wa moyo wonse. Onaninso ngati dziko limene ndege ikaime panjira limafuna viza yodutsira. Mankhwala amene mumamwa nthawi zonse ayende m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala.

Tikufuna kupita kokasangalala ndi anzathu. Tipite tisanasamuke kapena titasamuka?

Mutasamuka. Ulendo umakoma makiyi atabwezedwa ndipo katundu ali pabwino. Opita asanasamuke amabwerako ali otopa, ndalama zitatha, n'kupeza kuti atsala ndi tsiku limodzi loti alongedze. Ndalama zisonkhedwe musanalipire malo ogona, chifukwa pa anthu khumi amene avomera pa WhatsApp si onse amene adzafike pa siteji, ndipo wolipiriratu ndi ndalama zake ndiye amatsala ndi ngongole. Ndalama ya dipoziti musaiwerengere paulendowu. Imachedwa.

Za mwambo wolandira digiri, ndikonzekere chiyani?

Pali kulembetsa dzina, kulipira gauni, ndi makadi a alendo, amene kawirikawiri amakhala ochepa pa munthu aliyense. Uzani abale chiwerengerocho msanga kuti pasadzakhale wokhumudwa pageti. Malo ogona apafupi ndi sukulu amadzaza tsiku likangolengezedwa, choncho sungitsani nthawi yomweyo, makamaka ngati mukubwera ndi okalamba amene sangaime nthawi yaitali. Koma musagulire abale matikiti dzina lanu lisanaoneke pamndandanda wa olandira.

Ngati simungathe kubwera, sukulu zambiri zimalola kulandira digiri munthu kulibe. Mumadzaza fomu, ndipo digiriyo mphamvu yake ndi yomweyo. Satifiketi ikatumizidwa, idutse njira yoti mungathe kuilondola. Mukailandira musaimatire pulasitiki, chifukwa maofesi ena sadinda kapena kulandira pepala lomatidwa. Ikani mufayilo yolimba, mupange makope otsimikizidwa.

Ndafika kumene ndikupita. Ndani ofunika kuwadziwitsa?

Ofesi ya registrar, kuti uthenga wa zotsatira ndi wa mwambo ukupezeni. Banki, makamaka ngati akaunti yanu ndi ya ophunzira, chifukwa imasinthidwa kukhala wamba ndipo ndalama zodula pamwezi zimasintha. Ngati munaphunzira pa ngongole, dziwitsani bungwe limene linakubwerekani ndipo mufunse kuti kubweza kumayamba liti. Kalata ikapita ku adiresi yakale, chiwongoladzanja sichidikira. Inshuwalansi ya chipatala imene munali nayo kudzera kusukulu kapena kwa makolo nthawi zambiri imatha mukasiya kukhala wophunzira, ndiye funsani tsiku lake. Ngati mumalandira mankhwala mwezi ndi mwezi, tengani kalata yosamutsira kuchipatala chakale ndi mankhwala okwanira mwezi umodzi, mukalembetse kuchipatala chatsopano mlungu woyamba.